Tsoka la Chitsulo Limanunkha

Akuluakulu adati tsoka silinunkha. Mawuwa timawamva pa siwa, timawamva basi ikagubuduzika, timawamva mphenzi ikagwera ng'ombe m'khola. Ndi mawu otonthoza, chifukwa amatula mtolo pamutu pa wotsala pomuuza kuti sakadadziwa, palibe amene amanunkhiza tsoka lili m'njira. Inenso ndawalankhulapo kwa anamfedwa, ndipo ndinkawalankhula ndi mtima wonse. Koma pali malo amodzi pamene ndinaona ndili mwana kuti mwambiwu sufikapo, ndipo malowo ndi pachigayo.

Chigayo cha kwathu chinali cha dizilo, injini yake ya Lister, yolira kuti thi thi thi mpaka kutsidya kwa dambo. Ankachiyendetsa mkulu wina wosalankhulalankhula, nsidze zake zoyera ndi ufa tsiku lonse. M'mawa asanalandire dengu loyamba, ankaliza injini n'kuima chete ngati munthu amene akumvetsera kulira kwa mwana kuchipinda. Kenako ankatenga sipanala yaitali, mbali ina n'kugunditsa pachitsulo pamene pali beringi, mbali inayo n'kuika pakhutu. Ankakhudza injini ndi kuseri kwa dzanja. Ankatapa oyilo ndi chala, n'kumufikisa, n'kumununkhiza. Ife ana tinkaona ngati ndi mwambo chabe.

Tsiku lina anazimitsa injini dzuwa lili paliwombo, amayi ali pamzere ndi mphale yawo, ena atayenda mtunda wautali. "Pepani amayi, lero sindigayanso. Beringi yayamba kulira." Panali kudandaula kwakukulu. Mwini chigayo atamva anabwera wapanjinga, thukuta kamukamu.

"Madala, makina akuyenda bwinobwino awa, mwazimitsiranji?"

"Bwana, kuyenda akuyendadi, koma akudwala. Lero tigula beringi imodzi. Mukandikakamiza, sabata yamawa mugula shafiti yonse."

Atamasula anapeza timipira ta m'kati mwa beringi titadyeka, girizi atasanduka phala lakuda lonyezimira tizitsulo. Chigayo chinagona masiku awiri. Chikadasweka chili pa liwiro, chikadagona mwezi, mwinanso wina akadavulala ndi lamba.

Ndakhala ndikulingalira za tsiku limenelo kwa zaka zambiri, ndipo chimene ndinatolapo ndi chakuti chitsulo sichifa mwadzidzidzi. Chimadwala kaye. Chimatentha, chimanjenjemera, chimasintha mawu, chimatulutsa fungo, chimakhetsera tizidutswa take mu oyilo. Chimadandaula kwa masabata, nthawi zina kwa miyezi. Tikamati makina afa mwadzidzidzi, kawirikawiri timatanthauza kuti ifeyo ndi amene tadziwa mwadzidzidzi.

Zimene mafakitale akuluakulu akuchita lero ndi makompyuta, zimene zikutchulidwa ndi mayina ataliatali m'misonkhano, mutu wake ndi sipanala ya madala aja. Anthu atenga khutu lija, dzanja lija ndi mphuno ija, n'kuziika m'timakina tating'ono totchedwa masensa, tomatidwa pachitsulo usana ndi usiku. Sensa sagona, sapita kumaliro, sapuma pantchito. Amayeza kunjenjemera kambirimbiri pa sekondi imodzi n'kutumiza manambala ku kompyuta. Ndipo chokondweretsa n'chakuti nthenda iliyonse ya makina ozungulira ili ndi mawu akeake. Gudumu likalemera mbali imodzi, kugwedezeka kumamveka kamodzi pa kuzungulira kulikonse. Mashafiti awiri akalumikizidwa mokhota, nthawi zambiri kumamveka kawiri. Beringi ikayamba kudyeka imalira kamawu kakang'ono kwambiri, kamene khutu la munthu silingakatole m'phokoso la fakitale, koma kompyuta imakapatula monga mayi amazindikira liwu la mwana wake pakati pa ana a sukulu yonse.

Pa nkhani ya fungo, thiransifoma ndiye mboni yabwino. M'kati mwake muli oyilo woziziritsa ndi kuteteza mawaya. Penapake pakayamba kutentha mopyola, kapena magetsi akayamba kudumpha pamene sayenera kudumpha, oyiloyo amaphwanyika n'kutulutsa mipweya imene imasungunuka mwa iye yemweyo. Akatswiri amatapa oyilo pang'ono n'kukamupima. Akapeza hydrogen wambiri amadziwa kuti m'katimo muli vuto. Akapeza acetylene amadziwa kuti muli moto weniweni wa magetsi ndipo nthawi yatha. Nzeru imeneyi si yatsopano: kale mu 1921 Max Buchholz wa ku Germany anapanga kachipangizo kokola mpweya wotuluka mu oyilo wa thiransifoma n'kuchenjeza, ndipo mpaka lero kamadziwika ndi dzina lake. Chatsopano n'chakuti lero sensa angathe kununkhiza oyiloyo ola lililonse, n'kuuza injiniya amene ali kutali kudzera pa intaneti. Tsoka la thiransifoma limanunkha ndithu, ndipo fungo lake lili ndi dzina.

Pali mbali ina imene sitchuka chifukwa ilibe zonyezimira, koma kwa ine ndiyo msana wa zonse: kaundula. Makina aliwonse akhale ndi mbiri yake yolembedwa, monga buku la kusikelo la mwana. Anagulidwa liti, agwira maola angati, oyilo anasinthidwa liti, anadwalapo chiyani, anawakonza ndani, sipeya yake ili pashelefu iti. Madala a pachigayo ankasunga zonsezi m'mutu, ndipo atamwalira anapita nazo. Amene analowa m'malo mwawo anayambira pachabe, ndipo injini ija sinakhalitse. M'mafakitale athu ambiri muli amisiri otero, odziwa kuti mota yakuti imatentha nyengo ya chilimwe, pampu yakuti imafuna kumangitsa pakatha miyezi itatu. Tsiku limene apuma pantchito timawapatsa mphatso ndi kuwaombera m'manja, koma sitiwakhazika pansi kuti zimene akudziwa zilowe m'kaundula. Kompyuta singadziwe chimene sinauzidwe. Mbiri ya makina ikayamba kulembedwa lero, phindu lake lidzaoneka zaka zisanu zikubwerazo, ndipo n'chifukwa chake ambiri amaiona ngati ntchito yotaya nthawi.

Kuno kwathu nkhaniyi imandifikitsa ku mtsinje wa Shire, kumene kumachokera magetsi ochuluka a dziko lino. Nkula A inayamba kugwira ntchito mu 1966 ndi mamegawati 24. Kenako kunabwera Tedzani, Nkula B, ndi Kapichira. Ena mwa makina amenewa ndi aakulu msinkhu kuposa anthu amene akuwayang'anira lero. Amazungulira m'madzi odzaza mchenga wochokera m'mapiri amene tinawameta mitengo, ndipo mchenga umadya chitsulo pang'onopang'ono ngati chiswe. Namasupuni naye amabwera ndi madzi kudzatseka polowera. Pakati pa 2013 ndi 2018, thandizo la madola 350.7 miliyoni lochokera ku Millennium Challenge Corporation ya ku America linakonzanso Nkula A kufika pa mamegawati 36, linamanga mzere wa magetsi wa 400 kV kuchoka ku Phombeya kukafika ku Nkhoma, ndiponso linathandiza ESCOM kukhala ndi njira ya makompyuta yotchedwa SCADA, imene imalola anthu okhala m'chipinda chimodzi kuona ndi kulamula zimene zikuchitika m'masiteshoni akutali. Zimenezi ndi maso ndi makutu amene makolo athu pantchito imeneyi analibe.

Ndipo ife chenjezo lofulumira tikulifuna kuposa mayiko olemera. Fakitale ya ku Germany beringi ikafa, ina imafika mawa lake. Kwa ife sipeya yaikulu iyenera kuitanitsidwa kunja, ndalama zakunja zipezeke kaye, ikwere sitima yapamadzi, itsikire ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, kenako ikwere lole. Imeneyo ndi miyezi. Sensa amene wakuuza mu Januwale kuti chitsulo chakuti sichifika Juni wakupatsa chinthu chimene ndalama singagule chitsulocho chitasweka kale. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Koma mnansi akhoza kutsina khutu, mwini khutu n'kungogwedeza mutu n'kupitiriza ulendo. Apa ndi pamene mtima wanga wagona, ndipo nkhani imene imandisowetsa tulo inachitikira kutali, ku Siberia m'dziko la Russia.

Pa mtsinje wa Yenisei pali damu la Sayano-Shushenskaya, siteshoni yaikulu kuposa zonse zopanga magetsi ndi madzi m'dzikolo. Ili ndi makina khumi, aliwonse a mamegawati 640. Kuti mumvetse kukula kwake, makina amodzi okhawo amaposa Nkula, Tedzani ndi Kapichira mutaziphatikiza. Makina achiwiri pa khumiwo anali odwaladwala kuyambira kale. Anali atagwira ntchito pafupifupi zaka 30, zimene ndi zaka zomwe opanga anawalembera. Kumayambiriro kwa 2009 anakonzedwa, ndipo anali ndi zipangizo zoyeza kunjenjemera. Zipangizozo zinkagwira ntchito yake. Mwezi ndi mwezi manambala ankakwera, n'kudutsa mlingo wololedwa, n'kumapitirirabe. Palibe chimene chinabisika. Zonse zinkalembedwa.

Usiku wa pa 16 Ogasiti 2009 kunabuka moto pa siteshoni ina ya Bratsk, ndipo ntchito yokweza ndi kutsitsa magetsi molingana ndi kufunika kwake inakankhidwira ku Sayano-Shushenskaya. Makina odwala aja anapatsidwa katundu ameneyu. Ankawakweza ndi kuwatsitsa, kuwadutsitsa kangapo pa mlingo umene amanjenjemera kwambiri. M'mawa wa Lolemba pa 17 Ogasiti, nthawi ili 8:13, kunjenjemera kutaposa kasanu mlingo wololedwa, mabawuti ogwira chivundikiro cha makinawo anaduka. Madzi anatukula chitsulo cholemera matani mazanamazana ngati chivundikiro cha mphika wobwadamuka, n'kudzaza nyumba yonse ya makina. Anthu 75 anafa. Makina asanu ndi anayi mwa khumi aja anawonongeka, ndipo ntchito yokonzanso siteshoniyo inatha mu 2014.

Ofufuza a boma atatola mabawuti, anapeza zimene madala a pachigayo akadaziyembekezera. Chivundikirocho chinkagwiridwa ndi mabawuti 80. Mwa 49 amene anapezeka, 41 anali ndi ming'alu ya kutopa kwa chitsulo, ming'alu yokula pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Asanu ndi limodzi analibe ngakhale manati.

Ndimaganizira anthu amene ankaona manambala aja tsiku ndi tsiku. Sindikhulupirira kuti anali anthu oipa kapena osaphunzira. Ndikhulupirira kuti chinawachitikira ndi chimene chimatichitikira tonse: chinthu chikakhala cholakwika kwa nthawi yaitali osaphulika, timayamba kuchiona ngati chibadwa chake. Makina awa amatero, timatero. Dzulo ananjenjemera ndipo sanafe, lero afera chiyani? Pamwamba pa apo pali dziko lofuna magetsi, pali akuluakulu ofuna malipoti abwino, pali funso lakuti ukazimitsa ndiye upeza kuti mamegawati 640. Wozimitsa makina amene akuyenda amaoneka wolakwa nthawi yomweyo, pamaso pa aliyense. Wosiya makina odwala akuyenda amaoneka wolakwa tsiku limodzi lokha, ndipo tsikulo limaoneka ngati silidzafika. Samva za anzake adamva nkhwangwa ili m'mutu, koma chowawa pa nkhani iyi n'chakuti nkhwangwayo inagwera ambiri amene sanauzidwe n'komwe, amisiri amene anangolawira ntchito m'mawa wa Lolemba.

Pali vuto linanso limene limabwera ndi zipangizo zomwezi. Masensa akachuluka, machenjezo amachulukanso. Pa 28 Malichi 1979, pa siteshoni ya nyukiliya ya Three Mile Island ku Pennsylvania, ma alamu opitirira 100 analira m'mphindi zochepa zoyambirira, ndipo oyendetsa sanathe kudziwa kuti lofunika ndi liti. Kababu kena kankawaonetsa ngati valavu yatsekeka, pamene kwenikweni kankangosonyeza kuti lamulo lotseka latumizidwa. Valavuyo inakhala yotsegula kwa maola oposa awiri. Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Sikirini yodzaza zofiira imaphunzitsa munthu kusalabadira zofiira. Ndiponso nambala ya pa sikirini si chitsulo chenichenicho. Pamafunikabe munthu wodzuka pampando, kupita pamakina, kukagwira ndi kumvetsera, makamaka pamene manambala akunena kuti zonse zili bwino koma mtima ukukana.

Sindikufuna kuulanda mwambi wathu malo ake onse. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagwetsa mvula yoopsa kumwera kwa dziko lino, madzi a Shire n'kugumula mbali ya damu la Kapichira. Mamegawati pafupifupi 130 anazima tsiku limodzi, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira mpaka 2023. Palibe sensa wa pa beringi amene akadaimitsa madzi amenewo. Alipo matsoka amene amaposa nzeru ndi mphamvu za munthu, ndipo pa amenewo tidzapitiriza kutonthozana ndi mawu a makolo.

Chimene ndikukana ndi kutenga mwambi wa pa siwa n'kukaufunditsa pa ulesi wa mu ofesi. Pampu ya madzi a tauni yonse ikapsa chifukwa girizi sanathiridwe chaka chathunthu, limenelo si tsoka losanunkha. Jenereta ya pachipatala ikakana kulira usiku wa opaleshoni chifukwa batire linafa miyezi itatu yapitayo ndipo palibe analiyesa, fungo linalipo. Thirakitala ya boma ikaola pa udzu chifukwa cha sipeya yaing'ono imene palibe anailemba, fungo linalipo. Tazolowera kukonda tsiku lotsegulira, pamene pali riboni ndi magule, koma bajeti ikafinyika, choyamba kudulidwa ndi ndalama yosamalira zimene tinatsegulazo. Zinthu zimenezi zinagulidwa ndi misonkho ya anthu osauka ndi ngongole zimene adzabweze ana athu. Kuzisiya zife msanga ndi kuba kopanda wakuba wooneka.

Ndaonapo mnyamata wina, injiniya wongochoka kumene ku koleji, pa fakitale ina imene sinditchula. Anaona pa kompyuta kuti mota ina yaikulu ikutentha mowonjezeka sabata ndi sabata. Analemba lipoti, analipereka kwa kapitawo, kapitawo anati nyengo ino ndi ya ntchito yambiri, tidzaona tikamaliza. Analembanso. Anamuuza kuti, "Achimwene, mota imeneyi tinaipeza, ndipo mudzaisiya." Iye anangoti, "Chabwino bwana," poti kwathu kuno mwana satsutsana ndi wamkulu pagulu. Motayo inapsa pakati pa nyengo yomweyo ya ntchito yambiri, ndipo fakitale inaima masabata. Chimene chinandipweteka kwambiri si kupsa kwa mota. Ndi chakuti mnyamatayo anaphunzirapo kuti kulemba lipoti n'kutaya nthawi.

Ulemu wathu kwa akulu ndi chuma, ndipo sindifuna kuti uthe. Koma madala a pachigayo aja ankalemekeza bwana wawo, ankamuvulira chipewa, komabe anazimitsa injini asanapemphe chilolezo. Ankadziwa kuti pa nkhani ya kulira kwa beringi, wamkulu ndi amene khutu lake lili pachitsulo. Ndipo mwini chigayo, ngakhale anabwera ndi mkwiyo, ataona timipira todyeka tija sanawadule malipiro. Anakwera njinga kupita kutauni kukagula beringi. Anthu awiri amenewa, wina wolimba mtima kuzimitsa, wina wodzichepetsa kumvera, ndi amene anapulumutsa chigayo. Sipanala inangothandiza.

Kampani ikhoza kugula masensa okwera mtengo, kulipira pulogalamu ya pakompyuta chaka ndi chaka m'madola, kupachika masikirini khoma lonse, koma ngati munthu wa shifiti ya usiku akuopa kudzutsa bwana, ndalama zonsezo zagula chokongoletsa. Ndipo amene alibe ndalama ya masensa asanene kuti nkhaniyi simukhudza. Buku la hadikava ndi cholembera, kapena foni ya m'manja yojambulira geji m'mawa uliwonse, ndi poyambira pokwanira kwa mwini chigayo, mwini minibasi, komiti ya mjigo, kapena sukulu imene ili ndi mapanelo a sola padenga.

Tsono inu amene muli ndi udindo pa makina a anthu, kaya ndi siteshoni ya magetsi, fakitale ya shuga kapena ya tiyi, pampu za madzi kapena jenereta ya chipatala, ndikukupemphani chinthu chimodzi chimene sichifuna ndalama zakunja. Khalani pansi ndi amisiri anu sabata ino, mugwirizane nambala imene makina aliwonse sayenera kudutsa. Muilembe, muisainire, muipachike pafupi ndi makinawo. Pansi pake mulembe kuti aliyense amene ali pantchito, ngakhale wamng'ono kuposa onse, akaona nambalayo yadutsidwa azimitse, ndipo sadzaimbidwa mlandu ngakhale zitapezeka kuti sensa ndiye analakwitsa. Ndipo tsiku limene mwana wa eni adzakuimbireni foni pakati pa usiku kuti, "Bwana, ndazimitsa," muyambe mwamuthokoza musanamufunse chifukwa.